Masankishoni kapena nkhondo, chimapha sukulu msanga ndi chiti?

Nambewe_waChirimba:
Moni nonse pagulu pano. Abale ndithandizeni. Mwana wanga wa Fomu 3 ali mu kalabu ya mtsutso kusukulu kwawo nde awapatsa mutu woti zilango za chuma, masankishoni aja, zimawononga maphunziro a dziko kuposa nkhondo, iyeyo amuika mbali yovomereza. Ine ndamuuza kuti mwanawe akuponderezatu apa, nkhondo ndi nkhondo, bomba likagwa pa sukulu ndiye kuti sukulu palibenso, nanga masankishoni amagwetsa khoma? Koma iye akuti aphunzitsi anena kuti mbali yakeyo ndiye yokoma. Amene mumatsata nkhani za kunjazi tatiuzani, ali ndi poyambira kapena angokachita manyazi?

KabazaWaBangwe:
Akachita manyazi mayi kkkk. Mfuti ikalira amakumbuka kope ndani?

Aphunzitsi_Opuma:
ANambewe, mwanayo asade nkhawa, poyambira alipo ndipo ndi pabwino. Muuzeni akafufuze za Iraq. Achinyamata ambiri pano Iraq mumaidziwa ngati dziko la mabomba basi, koma zaka za m'ma 1970 dziko limeneli linali patsogolo zedi pa maphunziro pakati pa maiko a Aluya. Ndalama za mafuta zinkalowa, sukulu inali yaulere kuyambira pulayimale mpaka yunivesite, mu 1978 boma linalamula kuti akuluakulu onse osadziwa kulemba ndi kuwerenga apite kusukulu ya kwacha, amayi ndi abambo omwe, mpaka UNESCO inawapatsa mphoto mu 1982.

Ndiye taonani izi. Kuyambira 1980 mpaka 1988 anamenyana ndi Iran, nkhondo yoopsa, anthu anafa osawerengeka, ndalama za maphunziro zinachepa, koma sukulu zinkayendabe ndipo mphunzitsi ankalandira malipiro oti n'kudyetsa banja. Zinthu zinagweratu kuyambira August 1990, Saddam Hussein atalanda Kuwait. UN inaletsa Iraq kugulitsa mafuta komanso kugula katundu kunja, ndipo chiletsocho chinakhala mpaka 2003, zaka 13. Ndalama yawo ya dinar imene pa mtengo wa boma inkaposa madola 3 inagwa mpaka dola imodzi kumasinthidwa ndi madinar masauzande. Malipiro a mphunzitsi pa mwezi anasanduka timadola tosakwana ndi 10 tomwe. Nanga mphunzitsi atani? Ena anayamba kuyendetsa matakisi, ena kuyala mabuku awo pamsika n'kumagulitsa, mapulofesa anathawira ku Jordan, Libya, Yemen. Makolo nawo anayamba kutulutsa ana kusukulu kuti akagulitse timalonda mumsewu. Makoma ali chiimire bwinobwino koma wophunzitsa mulibe.

Sindiopa_Ndirande:
Aphunzitsi mwadumphatu dala 1991. Mesa America ndi anzake anaphulitsa malo opangira magetsi ndi milatho chaka chimenecho? Ndiye musatiuze ngati masankishoni anachita okha. Chachiwiri, Saddam yemweyo nthawi ya masankishoni yomweyo amamanga nyumba zachifumu mbwee, ndalama amazitenga kuti? Ya simenti ya nyumba yachifumu ilipo ya choko palibe? Ine zonamizira azungu pa chilichonse ndinatopa nazo.

Nachisale_Zingwangwa:
Apa a Sindiopa mwalasa.

Aphunzitsi_Opuma:
Achimwene a Sindiopa, za nyumba zachifumuzo sindikukana, munthu uja anali wankhanza ndipo ankasamala mimba yake ndi ya asilikali ake. Koma za 1991 zija zikundithandiza ineyo osati inu. Dziko likaphulitsidwa, nkhondo ikatha limakonza. Iraq sakanatha kukonza bwino chifukwa zipangizo zokonzera zinali zoletsedwa kulowa. Ndiye nkhondo inatenga masabata ochepa koma mabala ake anakhala osapola zaka zonse zija.

Chinanso chimene anthu sachidziwa ndi mmene ndondomeko ya mafuta kusinthana ndi chakudya inkayendera. Inayamba kumapeto kwa 1996. Iraq ankaloledwa kugulitsa mafuta koma ndalama sizinkafika m'manja mwa boma, zinkasungidwa ku akaunti yoyang'aniridwa ndi UN, gawo lina n'kumapita kukalipira chipukuta misozi cha nkhondo ya Kuwait. Zotsalazo zinali zogulira katundu kunja, ndipo kontirakiti imayenera kudutsa ku komiti ku New York komwe dziko limodzi lokha likakayikira limatha kuiimitsa miyezi. Ndiye mutha kuitanitsa madesiki kuchokera kunja, koma kumadera olamulidwa ndi boma la Baghdad ndalama imeneyo simungalipire nayo mphunzitsi kapena mmisiri wa pamudzi woti akonze denga lodontha. Akuluakulu awiri a UN amene ankayang'anira ntchito imeneyi ku Baghdad anatula pansi udindo chifukwa chonyansidwa nazo, Denis Halliday mu 1998 kenako Hans von Sponeck mu 2000. Amenewa sanali abale ake a Saddam.

Kompyuta_Chichiri:
Kuwonjezera pa za aphunzitsi, vuto lalikulu linali katundu amene amati angagwire ntchito ziwiri, ya anthu wamba ndi ya nkhondo. Mankhwala a mu labu ya kemisitile, makompyuta, ngakhale mapensulo anavutapo kulowa ati chifukwa cha graphite wa mkati muja. Magazini a sayansi ndi a udokotala nawonso samafika, ndiye dokotala akuphunzira ndi buku la zaka khumi zapitazo.

KabazaWaBangwe:
Pensulo??? Aise usatinamize, bomba la pensulo unaliona kuti kkkkk

Kompyuta_Chichiri:
Sindinati ndi zanzeru amwene, ndati zinkachitika.

WaKuChigwa_Machinjiri:
Ine ndawerenga zonsezi mwakachetechete koma ndiloleni ndiyankhule ngati munthu amene nkhondo ndinaiona ndi maso, osati pa wailesi ya kanema. Ndinakulira ku Nsanje nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, ija ya Frelimo ndi Renamo imene inayamba 1977 n'kutha 1992 atasainirana ku Rome. Inu a m'tauni muno mumangomva kuti Malawi inalandira othawa kwawo okwana miliyoni imodzi, ife tinkawaona akuwoloka usiku, mphika pamutu mwana kumbuyo, kwathu kuja alendo anachuluka kuposa eni mudzi.

Chimene ndikufuna aNambewe amve ndi ichi: pa nkhondo ija sukulu sinkawonongeka mwangozi ayi, inkasakidwa dala. Zigawenga zikalowa m'mudzi zinkayamba kufunsa kuti mphunzitsi ndi uti, wa zachipatala ndi uti, chifukwa amenewo ndiwo ankaoneka ngati nkhope ya boma. Sukulu kuotchedwa, anyamata kutengedwa kukanyamula katundu kapena mfuti. Ku Tete ndi ku Zambezia sukulu zambiri zinatsekeka zaka ndi zaka. Tinali ndi bambo wina pafupi ndi kwathu, ankakana kwamtuwagalu kuti anali mphunzitsi, ankati ndine mlimi basi, mpaka tsiku lina anamupeza akuwerengera mnzake kalata ya Chipwitikizi. Mantha anali asanamuchoke ngakhale anali atawoloka kale malire. Kenako ndi yemwe uja ankasonkhanitsa ana a kumsasa pansi pa mtengo n'kumawaphunzitsa kulemba pa dothi.

Ndiye mphunzitsi wa ku Iraq woyendetsa takisi uja ndikumumvera chisoni inde, koma madzulo amabwerera kunyumba ali moyo. Musayerekeze zinthu ziwirizi chonde.

Nambewe_waChirimba:
Iii achimwene mwandikhudza. Ndi zimene ndimanena ine.

Aphunzitsi_Opuma:
A WaKuChigwa, pamenepo sindingatsutse, mwaona zimene ine sindinaone. Ndingokumbutsa gulu kuti nkhondo imeneyo inatipwetekanso ife tomwe amene sitinaombe mfuti. Njanji za ku Beira ndi ku Nacala zitatsekeka katundu wathu ankazungulira mpaka ku Durban pa malole, mtengo wa chilichonse unakwera, pepala, choko, mafuta. Ndinali nditayamba kale kuphunzitsa nthawi imeneyo ndipo buku limodzi ana ankagwirizana angapo, wina akuliwerenga chadodolido. Palibe amene anatiikira chiletso koma zotsatira zake zinali zofanana, dziko lopanda doko njira ikatsekeka limakhala ngati lili pa chilango basi.

Nachisale_Zingwangwa:
Abambo nonse mukukamba za makoma ndi malipiro, palibe watchula mtsikana. Kaya ndi nkhondo kaya masankishoni, banja likapanikizika woyamba kusiyitsidwa sukulu ndi mwana wamkazi, ndipo iyeyo akasiya sabwereranso. Mnyamata amatha kugulitsa mandasi zaka ziwiri n'kubwerera, mtsikana amamupezera banja. Sitikufunikanso kupita kutali, mu 2020 sukulu zitatsekedwa chifukwa cha Covid miyezi ingapo yokha tinaona tokha atsikana angati anabwerera ndi mimba ndipo angati sanabwerere n'komwe. Imeneyo ndi miyezi, opanda mfuti. Nde muwerengere zaka 13 kapena 15. M'mera mpoyamba abale, mwana amene sanaphunzire kuwerenga ali ndi zaka 7 simudzamukhazikanso mu Sitandade 1 ali ndi ndevu kapena mwana kumsana.

KabazaWaBangwe:
Ife masankishoni tili nawo kale apa, shuga mwamuona mtengo wake? Minibasi Limbe–Blantyre yokha ukuganiza kawiri. Amene anatiikira ndani?

Sindiopa_Ndirande:
Tinadziikira tokha pa tsiku lovota kkkk

Maule_mpaka_kale:
Masankishoni enieni ndi amene tiwapatse a Noma pa Kamuzu Stadium, sagoletsa ngakhale chimodzi

Nyerere_yaSoche:
Iwe ukadye kaye, ukuyankhula ndi njala

Maule_mpaka_kale:
Bwera ndi mpango wopukutira misozi aise

Woyang'anira_gulu:
Akuluakulu, za mpira zili ndi gulu lake. Mayi afunsa funso lenileni apa, tiyeni tiwalemekeze. Wina akabweretsanso Maule ndi Noma ndimutulutsa mpaka Lolemba.

Mtchona_waMbare:
Zikomo a woyang'anira. Ine ndinabadwira ku Harare, bambo anapita kukagwira ntchito nthawi ya Rhodesia, ndinabwerera kuno ndili wamkulu kale. Ndiye za masankishoni musandiuze, ndazidya. Zimbabwe itapata ufulu mu 1980 inamanga sukulu paliponse, Mugabe mwiniwake anali mphunzitsi, anthu a kumeneko ankanyadira maphunziro kuposa china chilichonse. Kenako America inakhazikitsa lamulo la zilango za chuma lotchedwa ZIDERA mu 2001, EU nayo inaika zake mu 2002. Pofika 2008 mphunzitsi akalandira malipiro samakwana ndi basi yopitira kukawatenga kubanki. Chaka chimenecho ana anangokhala, sukulu zambiri za boma sizinaphunzitse mokwanira, aphunzitsi anathawira ku South Africa ndi ku Botswana kukagwira ntchito za m'mafamu ndi m'malesitilanti, ena anabwera konkuno m'masukulu a pulaiveti. Mdzukulu wa achemwali anga anabwereza kalasi popanda kulephera mayeso, kungoti kunalibe womuphunzitsa. Sikuti SADC inangopenga posankha 25 October kukhala tsiku lodana ndi masankishoni.

Sindiopa_Ndirande:
Ayi a Mtchona apa ndiye ndikana mpaka mawa. Masankishoni a Zimbabwe sanali ngati a Iraq, anali olunjika anthu ndi makampani otchulidwa maina, kuwaletsa kuyenda ndi kutseka chuma chawo kunja. Dziko limagulitsabe fodya wake ndi golide. Amene anasindikiza pepala la ndalama la 100 trillion ndi ndani, America? Dola ya Zimbabwe inayamba kugwa November 1997 atapereka ndalama zosakhala mu bajeti kwa omenyera ufulu, 1998 anatumiza asilikali ku Congo, 2000 analanda mafamu mwachisokonezo ulimi n'kugwa. Zitatu zomalizazi zinachitika ZIDERA isanabadwe. Ndipo 2009 atangoyamba kugwiritsa ntchito dola ya America aphunzitsi anayamba kubwerera m'kalasi masankishoni akadalipo. Nde chinathamangitsa mphunzitsi ndi chiyani?

Mtchona_waMbare:
Mwana iwe ukuwerenga pa foni, ine ndinali pa mzere wa buledi.

Sindiopa_Ndirande:
Bambo ndikukulemekezani koma kukhala pa mzere sikutanthauza kuti mumadziwa amene anabisa buledi.

Kompyuta_Chichiri:
Nonse muli ndi mbali. A Sindiopa, ngakhale chilango chikhale cholunjika munthu mmodzi, mabanki akunja amaopa kulipitsidwa chindapusa ndiye amangodula ubale ndi dziko lonse kuti asavutike kufufuza kuti uyu ndi ndani. Mapeto ake yunivesite ikulephera kulipira magazini a kafukufuku, mwana akulephera kulipira fizi ya mayeso akunja. Komanso ZIDERA inkauza nthumwi za America ku IMF ndi World Bank kuti zizikana ngongole za Zimbabwe, ngakhale n'zoonanso kuti Zimbabwe inali itasiya kale kubweza ngongole zakale.

Masiku ano zafika mpaka pa intaneti. Mu 2014 Coursera, ija ya maphunziro a pa intaneti, inatsekera ophunzira a ku Iran, Cuba ndi Sudan chifukwa cha malamulo a America. Mu 2019 GitHub, kumene ife olemba mapulogalamu timasungako ntchito, inachepetsa zimene anthu a ku Iran, Syria ndi Crimea angachite. Mabanki a Iran anachotsedwa pa SWIFT, njira imene mabanki amatumizirana ndalama pakati pa maiko, mu 2012 kenakonso 2018, nde kholo lili ndi ndalama m'manja koma kutumizira mwana amene ali pa sukulu kunja osatheka. Mwana wa nduna sizimukhudza zimenezi, ali ndi pasipoti ina ndi akaunti ku Dubai.

Nachisale_Zingwangwa:
Chiganizo chomalizacho ndiye nkhani yonse.

Fidel_waMbayani:
Nanga Cuba bwanji? America inaitsekera malonda kuyambira 1962 mpaka lero koma pafupifupi aliyense kumeneko amadziwa kuwerenga, mu 1961 anatumiza achinyamata kumidzi kukaphunzitsa alimi, ndipo amaphunzitsa madokotala mpaka a maiko ena kuphatikizapo a mu Africa muno. Ndiye masankishoni paokha sapha sukulu, zimatengera boma laika patsogolo chiyani. Mwana wa aNambewe akonzekere funso limeneli chifukwa a mbali inayo akalibweretsa ndithu.

Aphunzitsi_Opuma:
Mfundo yabwino a Fidel, koma Cuba inali ndi pothawira. Chiletso chinali cha America, osati cha dziko lonse lapansi, ndipo Soviet Union inkagula shuga wawo pa mtengo wabwino n'kumawapatsa mafuta. Soviet Union itagwa mu 1991 mukawerenge zimene zinachitika, aphunzitsi ambiri anasiya choko kupita kukagwira ntchito m'mahotela a alendo chifukwa kumeneko ndi kumene kunali dola. Iraq inalibe pothawira pa mtundu umenewo chifukwa chinali chigamulo cha UN chomanga maiko onse. Choncho mawu oti masankishoni akubisa zinthu zosiyana kwambiri, pali otseka dziko lonse, pali a dziko limodzi, pali olunjika anthu. Mwanayo akayambe n'kusiyanitsa zimenezi oweruza akamuona kuti wakonzeka.

Nambewe_waChirimba:
Ndikulembatu zonsezi pa kope kkk. Koma funso langa lina, akamufunsa kuti ndiye wolamulira wankhanza tizimutani ngati masankishoni ndi oipa, tizingomuonerera? Akayankhe bwanji pamenepo?

Sindiopa_Ndirande:
Eyaa funso ndi limenelo mayi. South Africa ya tsankho inagwa bwanji? Maphunziro a anthu akuda anaphedwa ndi boma lawo lomwe ndi lamulo la Bantu Education la 1953, ana a ku Soweto anaomberedwa mu 1976 chifukwa chokana kuphunzira mu Afrikaans. Akuda eni ake ndi amene ankapempha dziko lapansi kuti litseke malonda, a Desmond Tutu ankayenda maiko kupempha zimenezo. America inaika zake mu 1986, pofika 1990 Mandela watuluka. Pomwe ife kuno a Kamuzu anali pa ubale ndi Pretoria kuyambira 1967 mpaka kulandira thandizo lomangira likulu ku Lilongwe. Nde musamangoti masankishoni ndi satana.

Fidel_waMbayani:
Komanso ife tomwe demokalase tinaipeza bwanji? Kalata ya maepiskopi March 1992, Chihana kumangidwa April, zipolowe muno mu Blantyre mwezi wa May, mwezi womwewo maiko otithandiza anakumana ku Paris n'kuimitsa thandizo lonse kupatula la chifundo. June 1993 riferendamu. Popanda kufinyidwa kuja mukuganiza nkhalamba ija ikanalola?

Aphunzitsi_Opuma:
Ndikuvomereza, ndipo ndinavota nawo nyali. Koma ndinalinso m'kalasi zaka zimenezo, chilala cha 1992 chili pakati, thandizo laima, ana akugona pa desiki ndi njala. Kusiyana kwake n'koti kwathu kuno zinatenga chaka chimodzi ndi miyezi, wolamulira anagonja. Saddam sanagonje zaka 13 chifukwa iye samagona ndi njala, ndiponso anthu akasauka kwambiri amadalira chakudya cha boma lomwelo, nde m'malo momuukira amamugwadira. Anthu ophunzira amene akanatsogolera kusintha ndi amene anayamba kuthawa. Yankho la mwanayo likhale loti funso si lakuti timulange kapena ayi, koma chilangocho chikugwera ndani ndipo chitenga nthawi yaitali bwanji.

Ndipo poti tafika kwathu, tisaiwale kuti sukulu yathu imadalira thumba la eni ake. 1994 a Muluzi atalengeza pulayimale yaulere ana anachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, tinalemba aphunzitsi masauzande osaphunzitsidwa ntchito, zambiri zinayenda ndi ndalama za kunja. 2011 a Bingu atathamangitsa kazembe wa Britain thandizo la bajeti linaima, mafuta kusowa. 2013 Cashgate, thandizo la bajeti kuimanso pomwe pafupifupi 40 peresenti ya bajeti inkachokera kunja. Wakuba ali ku Capital Hill koma wodikira malipiro ndi mphunzitsi wa kumudzi. 2025 America itatseka USAID, amene ankathandiza pa mabuku owerenga a makalasi oyambirira ndi kumanga masekondale, tinaonanso mmene zimakhalira mwini thumba akalimanga. Sitimazitcha masankishoni koma m'kalasi zimamveka chimodzimodzi.

Sindiopa_Ndirande:
Koma 2011 Chanco inatsekedwa miyezi yambirimbiri chifukwa cha nkhani ya ufulu wa aphunzitsi ija, wapolisi wamkulu kuitanitsa lekichala pa zimene wanena m'kalasi. Imeneyo anatsekanso ndi mzungu?

Aphunzitsi_Opuma:
Imeneyo tinatseka tokha achimwene, palibe wokana.

KabazaWaBangwe:
Ine ndinasiyira Fomu 2 opanda nkhondo opanda masankishoni, fizi basi. Ndilembeni mbali iti?

Nachisale_Zingwangwa:
Kabaza usaseketse anthu pa nkhani yomvetsa chisoni. Koma ukunena zoona.

WaKuChigwa_Machinjiri:
Ndabweranso. Mukamakamba za Iraq mukuima pa 2003 ngati nkhani inathera pompo. Nkhondo ya 2003 itafika laibulale yaikulu ya dziko ku Baghdad inaotchedwa n'kubedwa, zaka zotsatira mapulofesa ambiri anaphedwa ena kuthawa, kenako zigawenga za ISIS zitatenga mzinda wa Mosul mu 2014 laibulale ya yunivesite ya kumeneko inapsa. Buku limene masankishoni analikalambitsa nkhondo inalisandutsa phulusa. Onaninso lero. Sudan nkhondo inayamba April 2023, pofika October chaka chomwecho UNICEF inati ana 19 miliyoni sali pa sukulu, chiwerengero choyandikira anthu onse a m'Malawi muno. Ku Gaza kuyambira October 2023 mayunivesite onse anaphwanyidwa kapena kuwonongeka ndipo sukulu zinasanduka pogona othawa. Ku Ukraine mumzinda wa Kharkiv ana akuphunzirira pansi pa nthaka m'masiteshoni a sitima. Ndi masankishoni ati anachitapo zotere m'miyezi yochepa chonchi?

Kompyuta_Chichiri:
Pa liwiro ndiye nkhondo palibe yoipikisana nayo. Koma zindikirani kuti pafupifupi maiko onse amene tatchula anakumana ndi ziwiri zonse, china chikabwera chinzake chili m'mbuyo. Sudan yomweyo inali pa zilango za America kuyambira 1997 mpaka 2017 nkhondo iyi isanayambe. Syria ziwiri zonse. Afghanistan nde katatu, nkhondo zaka zambiri, ndalama zawo za ku banki yaikulu kutsekeredwa ku America mu 2021, a Taliban n'kuletsa atsikana ku sekondale kenako ku yunivesite mu December 2022.

Nachisale_Zingwangwa:
Za sukulu kusanduka pogona zija tinazionako pang'ono nthawi ya Freddy, March 2023. Anthu a ku Chilobwe ndi ku Soche amene nyumba zinapita ndi matope anakasungidwa m'masukulu, makalasi anaima, ndipo ine ndinkathandiza nawo kuphika pa msasa wina. Munthu wataya zonse, mvula ikugwa, nkhuni palibe, ukuganiza desiki aisiya? Sindikuwanena, nanenso ndikanatero. Zimbudzi zomangira ana ochepa zinadzaza sabata yomweyo. Amenewo anali masabata, nde sukulu imene anthu akhalamo chaka chathunthu kapena asilikali aisandutsa kampu imatsala yotani?

Mlendo_waDowa:
Pepani ndilowerere, ndimakhala ku Chilomoni koma kwathu ndi kufupi ndi Dzaleka. Pali chinthu chimodzi simunachitchule, mapepala. Msasa uja unatsegulidwa 1994, malo oyenera anthu 10,000 kapena kuposerapo pang'ono koma pano muli oposa 50,000, ambiri a ku Congo, Burundi ndi Rwanda. Mumapezeka munthu woti anamaliza sekondale kwawo, wina anali chaka chachitatu ku yunivesite, koma satifiketi inatsala m'nyumba yoyaka ndipo sukulu imene ingamulembere ina kulibenso. Ndiye kuno ayambirenso, mu Chingerezi ndi Chichewa pomwe iye anaphunzira mu Chifalansa. Ana obadwira momwemo amalemba mayeso a MANEB ngati ana athu, ena amakhoza bwino kwambiri, koma akamaliza lamulo silimulola kukakhala kapena kukagwira ntchito kunja kwa msasa mwaufulu, mu 2023 tinaona boma likubweza ku msasa amene ankachita geni m'matauni. Nde mwana amafunsa kuti ndikulimbikiranji. Nkhondo ya kwawo iyeyo sanaione n'komwe koma ikumulamulira mpaka lero.

Fidel_waMbayani:
Ndipo Congo yomweyo Goma inagwa January 2025, asilikali athu anafera komweko. Obwera ku Dzaleka sakutha posachedwa.

Mtchona_waMbare:
A Mlendo mwanena za mapepala mwandikumbutsa. Ife ana a matchona tinavutikanso ndi zomwezo, kumeneko amati ndiwe mlendo, kuno ukabwera akuti satifiketi yako tikaiyeze kaye. Koma ndibwerere kwa mnyamata wa ku Ndirande uja. Iwe wati masankishoni a Zimbabwe anali olunjika anthu ochepa. Chabwino. Anthu ochepawo anachoka pa mpando chifukwa cha masankishoniwo? Mugabe anakhala mpaka 2017 ndipo anamuchotsa ndi asilikali ake omwe. Ndiye zaka zonsezo phindu lake linali chiyani, kupatula kumupatsa chonamizira pa msonkhano uliwonse?

Sindiopa_Ndirande:
Apo pokha bambo ndikugwirizana nanu, anamupatsa chonamizira. Koma mwavomera nokha kuti chinali chonamizira.

Mtchona_waMbare:
Usandiikire mawu m'kamwa mwana iwe. Munthu atha kunamizira mvula pomwe mvulayo ikugwadi.

Sindiopa_Ndirande:
Nde tiwerengere limodzi, mwa aphunzitsi amene anathawa 2008 ndi angati anathawa ZIDERA ndipo ndi angati anathawa makina osindikizira ndalama a ku Reserve Bank?

Mtchona_waMbare:
Ukawafunse wekha, ena akuphunzitsa ana anu konkuno ku Namiwawa ndi ku Nyambadwe.